Matenda opatsirana m'sukulu za mkombaphala ndi m'malo osamalira ana: mafunso ndi mayankho

Mayankho awa alembedwera alezi, ophika phala, makomiti a makolo ndi eni sukulu za mkombaphala, kaya ndi za m'mudzi zimene zimayenda ndi anthu ongodzipereka kapena za m'tauni zimene makolo amalipira. Mlezi si dokotala, ndipo palibe amene akumupempha kuti atchule dzina la nthenda kapena kuti achize. Chimene chili m'manja mwake ndi kuzindikira msanga, kupatula wodwala mwachikondi, ndi kudziwitsa makolo pamodzi ndi a zaumoyo nthawi isanathe.

N'chifukwa chiyani matenda amafala msanga pamene pasonkhana ana aang'ono?

Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amaika m'kamwa chilichonse chimene watola, amapukuta mamina ndi dzanja lomwe akudyera, amatsokomolera mnzake kumaso, ndipo nthawi zambiri sanazolowere chimbudzi. Thupi lake nalonso likukumana ndi tizilombo tambiri kwa nthawi yoyamba, kotero silinaphunzire kulimbana nato. Ana otere akakhala 40 kapena 60 m'chipinda chimodzi, n'kumagona pamphasa imodzi, kumwera kapu imodzi ndi kusamba m'manja m'beseni limodzi, tizilombo timapeza njira zitatu zosavuta: kuchokera m'chimbudzi kupita m'kamwa kudzera m'manja, m'madzi ndi m'chakudya, kuchokera m'chifuwa kupita mumpweya umene onse akupuma, ndi kuchokera pakhungu kupita pakhungu. Malangizo onse amene ali m'munsimu akufuna kutseka imodzi mwa njira zitatuzi.

Mwana wafika m'mawa akuoneka wosasangalala. Alowe kapena abwerere kunyumba?

Nthawi yabwino yozindikira mwana wodwala ndi pakhomo, amene wamuperekeza asanatembenuke. Mlezi amulonjere mwana aliyense payekha, amuyang'ane m'maso, amugwire pamphumi kapena pakhosi ndi kunja kwa dzanja, ndipo afunse amayi kapena agogo mmene mwanayo wagonera. Mwana asalowe ngati watentha thupi, ngati watsegula m'mimba kapena kusanza usiku kapena m'mawa womwewo, ngati watuluka zidzolo zimene sizinapimidwe kuchipatala, ngati maso ake afiira ndipo akutuluka manthongo, kapena ngati wafooka moti sangasewere ngakhale kudya. Kumene kuli kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, madigiri 37.5 kapena kuposerapo poyeza m'khwapa ndiye kuti thupi latentha.

Chimfine wamba, mwana ali wathanzi, akudya ndi kusewera, si chifukwa chomubwezera. Tikati tibweze aliyense wa mamina m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, m'kalasi simutsala munthu.

Nanga akadwala ali kale pasukulu?

Achotsedwe pakati pa anzake n'kugonekedwa pamphasa yakeyake pamalo a mthunzi ndi opita mphepo, pomwe mlezi mmodzi angamamuone nthawi zonse. Asatsekeredwe yekha m'chipinda, ndipo anzake asauzidwe mawu omupangitsa kudziona ngati walakwa. Apatsidwe madzi otetezedwa pang'onopang'ono, ndipo uthenga upite kwa makolo nthawi yomweyo.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti makolo abwere kuchokera kumunda kapena kumsika. Mwana akakomoka kapena akachita linjirinjiri, akalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse chimene wamwa, akalefukiratu moti sakudzuka bwino, khosi likauma, kapena akamapuma movutikira nthiti zikulowa m'kati, athamangitsidwe kuchipatala pomwepo, wina n'kupita kukaitana makolo. Kupuma mofulumira nakonso n'chizindikiro cha chibayo, ndipo mlezi angathe kuwerenga yekha mwanayo ali phee: kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposerapo pamphindi imodzi n'kofulumira, ndipo kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu malire ake ndi ka 40. N'chifukwa chake sukulu iliyonse iyenera kudziwiratu njinga kapena njinga yamoto ya yani imene ingadaliridwe, ndi ndalama yolipirira ichokera kuti. Zimenezi sizikambidwa mwana ali kale m'manja.

Ana angapo atsegula m'mimba sabata imodzi. Tichite chiyani, ndipo tingadziwe bwanji ngati ndi kolera?

Choyamba ndi madzi. Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zizindikiro zake ndi maso olowa, m'kamwa mouma, kusakodza, liwombo lolowa kwa khanda, ndi khungu limene likatsinidwa pamimba limachedwa kubwerera. Paketi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, mwana azimwetsedwa ndi kapu kapena supuni, ndipo otsala akatha maola 24 atayidwe. Woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo wakudya asamanidwe phala. Kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo amapatsidwanso mapiritsi a zinki, amene ayenera kumwedwa mpaka atatha ngakhale kutsegulako kutasiya. Mapaketi angapo a Thanzi asamasowe pasukulu, makamaka mvula ikayamba.

Mwana abwerere kusukulu patapita maola 48 chisiyireni kutsegula m'mimba kapena kusanza. Makolo ambiri amaona ngati masiku awiriwa ndi owonjeza, popeza mwanayo wayamba kale kuthamanga, koma tizilombo timapitiriza kutuluka m'chimbudzi chake ngakhale iye akumva bwino. Ngati m'chimbudzi muli magazi, ameneyo angakhale kamwazi, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kolera amadziwika ndi kutsegula kwadzidzidzi, kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, nthawi zambiri pamodzi ndi kusanza, ndipo munthu amatha madzi m'maola ochepa chabe. Mmodzi yekha wokayikitsa, kaya ndi mwana kaya ndi wamkulu, ndi wokwanira kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo kapena chipatala nthawi yomweyo, ndipo wodwalayo azimwa Thanzi ali panjira. Ambiri tikukumbukira mliri umene unayamba mu Marichi 2022 ku Machinga n'kufalikira m'maboma onse, umene unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mliriwo. Sukulu ya mkombaphala, kumene ana amadyera pamodzi ndipo ena akadali m'matewera, ili pachiopsezo choposa cha kalasi ya ana akuluakulu.

Pamalo pamene mwana wasanzira kapena wadziipitsira, ana ena achotsedwepo kaye. Wopukuta avale magolovesi, ndipo ngati palibe avale majumbo kumanja, zoipazo zikatayidwe m'chimbudzi, pansipo patsukidwe ndi sopo kenako pathiridwe madzi a klorini. Muyeso wa klorini umasiyana: wothira m'madzi akumwa ndi wochepa kwambiri, wotsukira pansi ndi wamphamvu, ndipo wothira pachimbudzi ndi masanzi a wodwala kolera ndi wamphamvu koposa. Mlangizi wa zaumoyo apemphedwe kuti adzaonetse alezi kasungunulidwe kake, ndipo mankhwalawo asungidwe pamwamba, m'botolo lolembedwa, osati m'botolo la zakumwa limene mwana angalakwitse. Chimbudzi cha khanda chisapeputsidwe. Anthu ambiri amati n'chosadetsa, koma chimanyamula tizilombo mofanana ndi cha munthu wamkulu, ndipo amene wasintha thewera ndiye asamayandikire mphika wa phala asanasambe m'manja ndi sopo.

Mwana wa chikuku, katsabola, matsagwidi, maso, mphere kapena zipere akhale kunyumba masiku angati?

Chikuku ndiye choopsa pa onsewa. Chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, kenako zidzolo zimatulukira kumaso n'kutsikira thupi lonse. Mwana amapatsira anzake kuyambira masiku 4 zidzolo zisanaoneke mpaka masiku 4 zitaoneka, ndipo kachilomboka kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka. Akhale kunyumba masiku osachepera 4 chitulukireni zidzolo, ndipo a zaumoyo adziwitsidwe ngakhale wodwala ali mmodzi. Mu 2010 chikuku chinadwalitsa anthu oposa 100,000 m'Malawi muno. Chizolowezi chobisa mwana wa chikuku m'nyumba osapita naye kuchipatala chimamumanitsa vitamini A, amene amateteza maso ake ndi moyo wake.

Wa katsabola abwerere matuza onse akauma n'kuchita nkhanambo, zimene zimatenga masiku osachepera 5, ndipo asapatsidwe asipirini. Wa matsagwidi akhale masiku 5 chiyambireni kutupa. Matenda a maso ofiira, onga aja anayambira ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufika m'maboma ambiri, amayenda ndi manja, nsalu zopukutira ndi mabeseni, kotero mwana akhale kunyumba mpaka manthongo atasiya kutuluka kapena monga achipatala anenera. M'maso musathiridwe mkodzo, madzi a shuga, mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba, chifukwa diso limene likanachira lokha limatha kuwonongeka.

Mphere ndi zipere sizifuna kuti mwana ajombe nthawi yaitali. Wa mphere angabwerere tsiku lotsatira atapakidwa mankhwala koyamba, koma a m'nyumba mwake onse apake nthawi imodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, apo ayi zimabwereranso. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu ingapo ngakhale mankhwala agwira ntchito. Wa zipere angapitirize kubwera akangoyamba mankhwala, malinga asabwerekane chipeso kapena chipewa ndi anzake, ndipo makolo adziwe kuti zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa, osati opaka okha.

Makolo ena amabweretsa mwana wodwala ponena kuti alibe womusiyira, ena amati mwana asaphonye phala. Tiziwayankha bwanji?

Funso ili ndilo lovuta kuposa onse, ndipo amene amaliyankha ndi lamulo lokha sanakhalepo pakhomo la sukulu m'mawa. Mayi amene amagulitsa tomato pamsika kapena amene wapeza ganyu ya tsiku limodzi sakuchita mwano akabwera ndi mwana wotentha thupi. Akajomba, kunyumba sikuphikidwa. M'miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pali ana amene phala la kusukulu ndilo chakudya chodalirika chimene amadya tsikulo, ndipo kumubweza wotereyu ndi kumulanga kawiri, ndi matenda ndi njala. Komanso m'kalasi momwemo muli mwana wonyentchera kapena wa chitetezo chochepa amene kutsegula m'mimba kumene mnzake wachira patapita masiku awiri kungamugonetse m'chipatala. Mlezi ali ndi udindo kwa onse awiri.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ili pawiri. Poyamba, lamulo la masiku okhala kunyumba likambidwe pamsonkhano wa makolo teremu ikamayamba, pamaso pa komiti, amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, kuti likhale pangano la onse. Likakhala pangano, mlezi sakangana ndi mayi payekha pakhomo, ndipo limagwira ntchito mofanana kwa mwana wa wapampando ndi kwa mwana wamasiye. Chachiwiri, mwana wodwala asataye gawo lake la phala. Wachibale abwere ndi kapu kapena kambale kovindikira kudzatenga, kapena apatsidwe ufa wa masikuwo. Ichi n'chinthu chaching'ono, koma chimachotsa chifukwa chachikulu chimene makolo amabisira matenda. Komiti ingathandizenso kulumikiza mabanja oyandikana kuti azisungirana ana, malinga wodwalayo asakasakanikirane ndi makanda kumeneko. M'sukulu zolipira, eni ake apewe malamulo amene amachititsa kholo kuona ngati tsiku lililonse lojomba ndi ndalama yotayika, pakuti kholo lotero limamwetsa mwana Panado m'mawa kuti thupi lizizire pakhomo, ndipo pofika masana latenthanso ali pakati pa anzake.

Malungo nawo ndi opatsirana?

Mwana sapatsira mnzake malungo posewera kapena podyera limodzi, chifukwa amafala ndi udzudzu. Koma kutentha thupi kulikonse kuyezedwe magazi pasanathe maola 24, ndipo akapezeka nawo amalize LA masiku onse atatu. Akapeza mphamvu abwerere. Kumene ana amagonera pasukulu, agone m'masikito.

Nanga mlezi kapena wophika akadwala?

Apa ndi pamene sukulu zambiri zimalephera, chifukwa timayang'anitsitsa ana n'kuiwala akuluakulu amene amagwira mwana aliyense ndi mbale iliyonse. Malamulo onse a pamwambapa akukhudzanso iwo. Wophika amene watsegula m'mimba kapena kusanza asayandikire kukhitchini mpaka atatha maola 48 ali bwino, ndipo wa chilonda cha mafinya padzanja asagwire chakudya. Alezi ambiri a m'midzi ndi ongodzipereka, ndipo amabwera akudwala chifukwa akudziwa kuti akapanda kubwera ana abalalika. Udindo wokonzeratu wolowa m'malo ndi wa komiti, ndipo m'sukulu zolipira mlezi asadulidwe malipiro chifukwa chonena zoona za thupi lake. Mlezi woopa kudulidwa amabisa matenda.

Wamkulu amene watsokomola milungu iwiri kapena kuposerapo, makamaka ngati akuwonda, akutuluka thukuta usiku kapena makhololo ali ndi magazi, akayezetse chifuwa chachikulu, ndipo kuyezetsa ndi mankhwala n'kwaulere m'zipatala za boma. Akapezeka nacho, achipatala ndiwo anene tsiku lobwerera kuntchito, ndipo ayenera kuuzidwa kuti wodwalayo amagwira ntchito pakati pa ana, chifukwa ana osakwana zaka zisanu amene anakhala naye pafupi amafunika kupimidwa ndipo ena amapatsidwa mankhwala oteteza. Mlezi woyembekezera asasamalire mwana wa zidzolo, ndipo ngati wakhudzana ndi wa katsabola, chikuku kapena rubela (nthenda ya zidzolo yofanana ndi chikuku) akafotokoze kusikelo msanga, popeza matendawa angavulaze iye kapena mwana ali m'mimba.

Kodi mwana kapena mlezi amene ali ndi HIV ndi woopsa kwa ena?

Ayi. HIV sifala podyera mbale imodzi, posewera, pokumbatirana, potsokomola kapena pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka. Sukulu ilibe chifukwa chokanira mwana wotere, kapena chochotsera mlezi ntchito. Chofunika ndi chizolowezi chimodzi kwa aliyense: magazi a munthu wina aliyense asagwiridwe ndi manja opanda chotchinga, chilonda chimangidwe, ndipo malezala ndi zobayira asabwerekane. Kholo likaulula mwachinsinsi kuti mwana ali pa ma ARV, nkhaniyo ithere pa amene wauzidwa. Ndipotu mwana ameneyu ndiye ayenera kutetezedwa kwa anzake, kotero makolo ake adziwitsidwe mwamsanga m'kalasi mukalowa chikuku kapena katsabola.

Tili ndi ufulu wofunsa kabuku ka kusikelo polembetsa mwana?

Kufunsa n'koyenera, koma cholinga chikhale kuthandiza, osati kutseka chitseko. Mlezi aone makamaka katemera wa chikuku ndi rubela, amene amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Wachiwiriyu ndiye amaphonyedwa kawirikawiri, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amachepetsa maulendo a kusikelo. Katemera wasintha zinthu m'zaka zapitazi: wa chibayo analowa m'ndondomeko ya dziko lino mu 2011, wa rota woteteza kutsegula m'mimba mu 2012, wa tayifodi mu 2023, ndipo Malawi ndiye anali woyamba kupereka katemera wa malungo mu Epulo 2019. Poliyo amene anapezeka mwa mwana ku Lilongwe n'kulengezedwa mu Febuluwale 2022, patatha zaka 30 asakuoneka m'dziko muno, anatikumbutsa kuti nthenda imene tinaiiwala imatha kubwerera. Mwana amene mwendo kapena mkono wafooka mwadzidzidzi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Wophonya katemera alembedwe dzina, n'kulumikizidwa ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo sukulu ingadzipereke kukhala malo ochitirapo sikelo ya m'mudzi.

Tilibe mpopi, ndipo sopo amatithera. Ukhondo tingausunge bwanji?

Mpondagiya awiri, wina pakhomo la chimbudzi wina pafupi ndi podyera, amangofuna zigubu, chingwe ndi mitengo. Chachikulu n'chakuti madzi aziyenderera. Beseni limodzi losambamo ana onse limasandutsa mwana womaliza kukhala wosamba litsiro la anzake, kotero kumene kulibe mpondagiya mlezi azithirira mwana aliyense ndi kapu. Sopo amakhalitsa akabooledwa n'kumangidwa pachingwe, kapena akasungunulidwa wa ufa pang'ono m'botolo la madzi, ndipo akatheratu phulusa ndi labwino kuposa madzi okha. Nthawi zosaphonya ndi pochokera kuchimbudzi, mutasintha thewera kapena kupukuta mwana, musanaphike, ndi musanadye kapena kudyetsa.

Madzi akumwa akhale m'ndowa yovindikira, makamaka ya kampopi, othiridwa klorini kapena WaterGuard kapena owiritsa, ndipo mwana aliyense akhale ndi kapu yake yodziwika. Phala liperekedwe likadali lotentha, lotsala lisasungidwire mawa. Mawindo atsegulidwe ngakhale kukuzizira, mphasa ziyanikidwe padzuwa, ndipo zidole zimene ana amaluma zitsukidwe ndi sopo tsiku lililonse. Dzenje la chimbudzi cha ana likhale laling'ono ndi lovindikira, chifukwa mwana amene akuopa kugweramo amakadzithandiza kuseri kwa kalasi.

Kodi mlezi angamwetse mwana mankhwala?

Angamwetse okhawo amene achipatala alembera mwana ameneyo, obwera ndi kholo ali m'paketi yake, ndipo alembe nthawi imene wapereka. Otsala a mwana wina, makapisozi ogulidwa pagolosale ndi zitsamba asaperekedwe pasukulu. Thanzi yekha ndiye angayambidwe popanda kudikira wina aliyense.

Ndi liti pamene tiyenera kudziwitsa a zaumoyo, ndipo ndani angatseke sukulu?

Sukulu ikhale ndi kope lolembamo dzina la mwana kapena wantchito amene wadwala, tsiku, zizindikiro ndi tsiku limene wabwerera. Popanda kope, ana atatu otsegula m'mimba Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi amaoneka ngati nkhani zitatu zosiyana, koma akalembedwa patsamba limodzi zimaonekeratu kuti pali chitsime kapena mphika wofunika kuufufuza. Mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe tsiku lomwelo pakakhala mmodzi yekha wokayikiridwa kolera, chikuku, poliyo, chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi, komanso ana awiri kapena atatu akadwala mofanana m'masiku ochepa. Kumene chipatala chili kutali, malangizo angapezeke poimbira Chipatala Cha Pa Foni.

Makolo onse auzidwe nthenda imene yalowa ndi zizindikiro zoti aziyang'ana, koma dzina la mwana wodwala lisatchulidwe pamsonkhano kapena pagulu la WhatsApp. Kutseka sukulu kuchitike mokambirana ndi a zaumoyo ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma, chifukwa nthawi zina kutseka kumangobalalitsira ana kumadambo ndi kuzitsime zimene zikuwadwalitsazo, komanso kumawamanitsa phala. Komiti ingaimike kaye maphunziro payokha ngati chimbudzi chagwa ndi mvula, ngati madzi otetezedwa asowa kotheratu, kapena ngati alezi athanzi atsala ochepa moti sangayang'anire ana, ndipo ikatero idziwitse mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo kuti adzaone malowo ana asanabwerere.